Mutu 6: Munthu Amene Anamukumbira Manda Ali Moyo

1. Pati Filii

Loweruka lililonse, ikangokwana thuu koloko masana, achinyamata a pa kamsika kena kufupi ndi Chintheche ankakhamukira ku vidiyo ya a Happy. Kanali kanyumba ka zigwagwa, kofolera malata akale, ka mabenchi asanu ndi awiri. Panja panali bolodi limene a Happy ankalembapo ndi choko dzina la filimu ya tsikulo.

Lusizi Longwe, mtsikana wa Folomu 3, sankaphonya. Ankayamba wachapa yunifolomu, watunga madzi, wayanika chinangwa cha amayi ake pathandala, kenaka ulendo.

Filimu imene inawagwira mtima chaka chimenecho ankaitcha Mzinda Wolumidwa. Dzinali anaipatsa ndi mnyamata amene anaimasulira m'Chichewa, yemwe mawu ake ankamveka pamwamba pa mawu a azungu, akumathiramo nthabwala zakezake. Nkhani yake sinali yovuta. Mumzinda wina mwagwa mliri. Wofa nawo sagona m'manda. Amadzuka maso ali mbee, n'kumasaka amoyo kuti awalume, ndipo wolumidwayo nayenso amafa n'kudzuka. Amenewo ndiwo mazombi.

Mu Pati Wanu, gawo loyamba la filimuyo, mazombi ankayenda mokoka miyendo, moti ngakhale nkhalamba ya ndodo ikanawasiya kumbuyo. Mu Pati Thuu anaphunzira kuthamanga. Pamenepo achinyamata onse anagwirizana kuti mliriwo utafika kuno, chipulumutso n'kukwera bwato n'kupalasa mpaka pakati pa nyanja. Gibson, mnzake wa Lusizi wa kalasi imodzi, anali atasankhiratu bwato la amalume ake ndi anthu asanu odzakwera nawo. Amene wamuyamba ankamuchotsa pa mndandandawo.

Kenaka kunabwera Pati Filii, ndipo mazombi anayamba kuyenda pansi pa madzi.

Tsiku limenelo m'kanyumbamo munangoti zii. Amene anayamba kuyankhula anali Khumbo, mnyamata wamtali wokonda kuseka.

"Basi, anyamata, tatha. Awa ngakhale ku Usisya, kofika pa bwato kuja, afika wapansi."

Amayi ake a Lusizi, aNyaKamanga, anamufunsapo tsiku lina akusenda chinangwa kuti chimamukoka n'chiyani ku zinthu zonyansa zoterozo.

"Ama, si magaziwo ayi," anatero Lusizi. "Muli namwino wina. Mu Pati Wanu anataya mwamuna wake. Mu Pati Thuu anataya anzake onse. Pano watsala ndi kabotolo kamodzi ka mankhwala ndi mwana wa eniake kumsana. Ndiye ine ndingokhala osadziwa ngati wafika? Komanso pati yatsopano ikabwera zimakhala ngati wabwera mlendo wa kwanu. Malamulo ukuwadziwa kale, anthu ukuwadziwa kale. Umangodikira kuti kodi ulendo uno atipusitsa bwanji."

"Mukanamadikira ulaliki chonchi, bwenzi tchalitchi titakulitsa," anatero amayi akewo, n'kuponya chinangwa m'beseni.

Pati Filii inathera poipa. Namwino uja ali m'boti, mwana akugona, dzanja lotuwa linatuluka m'madzi n'kugwira m'mphepete mwa botilo. Pomwepo filimu inatha, panabwera mayina. Kuyambira tsiku limenelo, Loweruka lililonse achinyamata ankafunsa za Pati Folo, ndipo a Happy ankayankha kuti ili m'njira. Inakhala m'njira miyezi isanu.

2. Ufa wa Kondowole

Amene anatopa kudikira anali Gibson.

"Tijambula tokha," anatero Lolemba lina akuweruka kusukulu. "Ine dayilekita. Lusizi, foni ija anakutumizira achemwali ako ku Joni si ya kwaya yokha ayi. Iwe ndiwe wa kamera."

Lusizi sanavute. Ndiye ankajambula kwaya ya achinyamata ikamaimba, ndipo ankadziwa kudula zithunzi, kuzilumikiza ndi kuikamo nyimbo pafoni pomwepo.

Lachiwiri masana anakumana kuseri kwa bwalo la mpira, pa njira yopita ku mjigo. Anyamata anayi anadzola ufa wa kondowole kumaso, n'kudzipaka tomato wovunda m'malaya. Gibson anaimirira pa chulu akulamula.

"Khumbo, koka mwendo! Zombi siyenda ngati ikupita kukafunsira mbeta!"

Khumbo anakoka mwendo kawiri, ufa unamulowa m'mphuno, n'kuyetsemula. Mazombi onse anagwa pansi ndi phwete. Anayesa kachiwiri. Mbuzi inadutsa pakati. Anayesa kachitatu, ndipo zombi ina inaponda chitsa n'kukuwa kuitana amayi ake.

"Izi ndiye za kuseketsa ana a sukulu ya Sande," anatero Gibson atayang'ana pafoni. "Palibe angachite mantha apa. Kayendedwe kake sikakutheka."

Pamenepo ndi pamene anatulukira a Namakhwa.

A Fanuel Namakhwa kwawo kunali ku Mulanje. Anabwera kuno ali mnyamata kudzagwira ntchito pa esiteti ya labala, yocheka makungwa a mitengo kuti utomoni udonthere m'tizikapu. Chaka chathachi anagwa ali pantchito. Inali sitiroko. Anawatengera kuchipatala, akazi awo mayi Loyce ali pambali kuwadikirira.

Patatha masiku atatu, mnzawo wa kuntchito anapita kukawaona. Anapeza bedi lawo lili lokha, matilesi atawapinda. Sanafunse aliyense. Anatuluka akulira n'kuimba foni kwa akulu a mpingo. Anayesa foni ya mayi Loyce, koma inali itatha moto. M'mawa mwake amuna anakumba manda, amayi a Umanyano, bungwe la amayi a mpingo, anasonkhana ndi nkhuni ndi ufa, nyimbo zinayamba, onse akudikira galimoto ya thupi.

Cha m'ma leveni koloko foni ya aNyaKamanga inalira. Anali mayi Loyce. Amapempha kuti wina awatumizireko ufa ndi sopo, chifukwa odwala awasamutsira ku chipatala chachikulu. Atamva nyimbo kumbuyo anafunsa kuti, "Kodi kumeneko kuli maliro a ndani?"

Manda okumbidwa sasiyidwa kukamwa. Akuluakulu anagwetseramo thunthu la nthochi n'kukwirira. Patapita miyezi iwiri a Namakhwa anatsika minibasi pamsika, ali moyo, koma mbali ya kumanja itafooka ndipo lilime likulemera. Ntchito inathera pomwepo. Mpingo unawapatsa kanyumba kuseri kwa tchalitchi. A chipatala anawauza kuti aziyenda tsiku ndi tsiku, ndiye masana aliwonse ankachoka pakhomo kupita ku mjigo n'kubwerera, mwendo akuukoka, dzanja lili lende, maso ali pansi kuopa miyala.

"Lusizi," ananong'ona Gibson. "Taona. Jambula."

"Iwe, ndi a Namakhwa amenewo."

"Ndiye ndati ndi ndani? Sitiwakhudza. Sitiwayankhula. Akungoyenda okha ngati masiku onse. Bisala kuseri kwa mangowo."

"Tikanawapempha."

"Ukawapempha ayamba kumwetulira ndi kukonza kolala. Fulumira, adona a kamera, akudutsa!"

Lusizi anayang'ana anyamata a ufa aja, n'kuyang'ana munthu amene amabwera. Kusiyana kwake kunali koonekeratu. Anapita kuseri kwa mtengo wa mango, n'kukweza foni.

Anawajambula mphindi zitatu, kuyambira pa mtengowo mpaka pa mjigo. A Namakhwa sanadziwe kanthu. Tsiku lomwelo Lusizi anachotsa mitundu kuti chithunzi chikhale chotuwa, anachepetsa liwiro, n'kuikamo kubuula kumene anatapa mu Pati Wanu. Atamuonetsa Khumbo, Khumbo sanaseke. Anagwira pakamwa.

Gibson anati amutumizire pomwepo, ndipo Lusizi anatumiza.

3. Pa Utuchi

Bambo ake a Lusizi, a Longwe, anali kalipentala komanso mkulu wa mpingo. Shedi yawo inali pambali pa nyumba, ndipo m'menemo ndi mmene munali soketi yotchajira foni.

Lachinayi masana Lusizi anakhala pa mulu wa matabwa akuoneranso ntchito yake. Sanamve kuti kupala kwasiya. Atatukula mutu anapeza bambo ake ataima kumbuyo kwake, pensulo ili kukhutu.

"Bwezera poyamba," anatero.

Anaonera mpaka kumapeto. Kenaka anakoka kampando kosamaliza n'kukhala.

"Ika foniyo pa thabwa, ingakugwe. Wamutumizira ndani?"

"Gibson yekha, Ada."

"Mvetsera, mwana wanga. Bokosi la a Namakhwa ndinakhoma ndine. Sindinafune tepi, chifukwa munthuyo takhala benchi limodzi m'tchalitchi zaka makumi awiri, msinkhu wake ndimaudziwa ndi phewa langa. Ndinkapala thabwa misozi ikugwera pa thabwa lomwelo. Uthenga utabwera woti ali moyo, ndinagwada pompano pa utuchi. Bokosilo ndinaliphwasula ndekha, msomali umodziumodzi, ndipo chiyambire ukalipentala sindinagwirepo ntchito yokoma ngati imeneyo. Mulungu anatibwezera m'bale wathu manda atakumbidwa kale. Ndi mipingo ingati imene inachitiridwa chifundo chotere?

"Koma si onse anagwada. Alipo anthu pamsika pano amene akunena kuti munthuyo anafadi. Akuti mkazi wake anamudzutsa ndi mankhwala a kwawo kuti azimulimira, n'chifukwa chake lilime silitembenuka. Akumutcha ndondocha. Ukulidziwa dzina limenelo? Si la m'filimu ayi. Ndi la kuno, ndipo limapha. Mawu amenewa afika kale kwa ife akulu a mpingo kawiri, ndipo takhala tikuwazimitsa mwakachetechete. Anthuwa alibe m'bale kuno. Alibe malume woti aime pakhomo ndi kunena kuti mudutse pa ine. Ali ndi mpingo basi, ndipo iwe ndiwe wa mpingowo."

Lusizi anayamba kukanda thabwa ndi chikhadabo.

"Ndili msinkhu wako," anapitiriza a Longwe, "kumudzi kwina kumtundaku, mayi wina wamasiye anamunenera zomwezi chifukwa mpunga wake unkacha kuposa wa anzake. Zinayamba ngati nthabwala za pachigayo. Mwezi usanathe nyumba yake inali phulusa, iye atathawa ndi nsalu imodzi. Amene anayatsa sanali zigawenga. Anali anyamata amene ndinkaimba nawo kwaya. Ine ndinali pomwepo. Sindinaponye mwala, koma sindinatsegulenso pakamwa, ndipo mpaka lero ndikamapemphera nkhope ya mayi uja imabwera.

"Filimu yanuyo ndinaionako tsiku lina ndikukonza benchi la a Happy. Magazi sanandiopse, ndaona magazi a macheka ambiri. Chimene ndinaona n'chakuti munthu akangolumidwa, dzina lake latha. Dzulo anali mnansi, lero aliyense ali ndi ufulu womuphwanya mutu, ndipo inu mumawomba m'manja. Pa kanema zilibe kanthu. Amenewo ndi anthu odzola utoto, akaweruka amakasamba n'kupita kwa akazi awo. Anzako a ufa aja anakasamba ku mjigo. Nanga a Namakhwa akasamba kuti?"

Nkhuku inalowa m'shedi, n'kutulukanso.

"Ndifufuta, Ada."

"Kufufuta n'kwapafupi, chala chimodzi. Foni sindikulanda, ndipo ku vidiyo sindikuletsa. Ngati yafika kwa a Happy, ndikhoza kupitako mawa kukawaletsa, amandimvera. Koma oyamba kumva nkhaniyi ayenera kukhala eni nkhope, ndipo aimve kwa amene anaitenga. Kumeneko sindikuperekeza."

Anaimirira, n'kuyambanso kupala.

4. Bolodi

Lusizi anaganiza zoyamba wakaonana ndi Gibson. Anamupeza pamsika, ataima pafupi ndi kanyumba ka vidiyo, manja ali m'thumba ngati mwini malo. Pa bolodi panali anthu oposa khumi. Panalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu:

LOWERUKA LINO. MZINDA WOLUMIDWA PATI FOLO. YOJAMBULIDWA KONKUNO. MULI ZENIZENI.

"Waona ntchito ya dayilekita?" anatero Gibson. "Ndawaonetsa a Happy dzulo, mpaka anavula chipewa."

"Gibson, chotsa mbali ya a Namakhwa."

"Wadya chiyani lero? Tikachotsa imeneyo titsala ndi Khumbo akuyetsemula."

"Anthu akuwanena kale kuti ndi ndondocha. Ukudziwa zimenezo?"

"Ndiye ndinayambitsa ndine? Ife sitinatchule dzina la munthu. Ndi filimu chabe, aise. Aliyense amadziwa kuti filimu ndi bodza."

"Nanga 'zenizeni' pabolodipo walembera chiyani?"

Gibson asanayankhe, kondakitala wa minibasi imene inaima pamsewu anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa m'Chichewa cha m'misewu.

"Achimwene, ndi pompano eti? Akuti mwaigwira pa kamera ndondocha ija anaikwirira ndi nthochi! Ku Kande nkhani ndi yomweyi. Loweruka ndikubweretserani anthu odzadza!"

Minibasi inanyamuka. Gibson anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha.

"Wamva?" anatero Lusizi.

"Ndamva kuti anthu abwera. Taona, sisi, ili kale pa kakhadi, kakhadi kali m'thumba la a Happy, bolodi lalembedwa. Iwe ndiwe unajambula, iwe ndiwe unaika kubuula. Lero wasanduka mlaliki? M'bwato langa sukweranso."

"Likhale."

"Ukupita kuti?"

"Kuseri kwa tchalitchi."

Gibson anachotsa manja m'thumba. "Iwe, usakanditchule!"

Lusizi sanacheuke.

5. Kuseri kwa Tchalitchi

Anawapeza onse awiri pakhonde. Mayi Namakhwa amasankha mpunga m'lichero. A Namakhwa anali pampando, akufinya kampira ka mphira ndi dzanja lofooka lija monga anawaphunzitsira a chipatala.

"Odi."

"Lowa, mwana wa a Longwe. Amayi ali bwanji? Takhala pamphasapo."

Lusizi sanakhale pamphasa. Anagwada pa dothi, pansi pa khonde. Ananena zonse mwadongosolo, kuyambira ku ufa wa kondowole, mtengo wa mango, kubuula, bolodi, mpaka mawu a kondakitala. Dzina la Gibson sanalibise, koma ananena kuti amene anakweza foni ndi iye mwini.

Mayi Namakhwa anaika lichero pansi pang'onopang'ono.

"Bweretsa ndione."

Anaonera mpaka pakati, n'kubweza foniyo ngati yotentha.

"Iwe mwana, unabadwa ndikuona. Tsiku la ubatizo wako ndine ndinakunyamula pamene amayi ako amakonza nsalu. Ukudziwa kuti munthu uyu kuti aime chonchi ndinachita zotani? Miyezi iwiri ndinagona pa simenti pansi pa bedi lake. Ndinkamutembenuza, kumusambitsa, kumumwetsa phala ndi kasupuni ngati khanda. Tsiku limene anasuntha chala chachikulu cha kuphazi ndinaimba nyimbo wodi yonse inanditembenukira. Tabwera kuno, ndikapita ku mjigo amayi ena amasuntha ndowa zawo. Ndikaphika zitumbuwa, alipo amene anasiya kugula. Ndimakhala chete, ndimati Ambuye akuona. Usiku mwala ukagwa padenga ndimawauza bambowa kuti ndi mango. Ndiye iwe, wa m'kwaya, wa m'nyumba ya akulu a mpingo, watenga mwamuna wanga n'kumuika kubuula kwa nyama? Tithawire kuti ife? Ku Mulanje tinachokako zaka makumi awiri zapitazo, nyumba kulibe, munda kulibe. Mwana wathu woyamba tinamuika konkuno."

Lusizi analira, koma sanadziteteze.

A Namakhwa anagogoda mpando ndi kampira kaja. Mawu awo ankatuluka amodziamodzi, olemera, ndipo munthu ankayenera kudikira.

"Ndi... one."

"Bambo, musaone zimenezi," anatero akazi awo.

"Ndione."

Lusizi anayandikira chogwada, n'kuwagwirira foni. Anafuna kuchotsa mawu, koma iwo anapukusa mutu. Anaonera yonse, kubuula ndi kutuwa komwe. Nkhope yawo sinasinthe.

"Ina... ilipo? Yopanda... izi?"

Inalipo, ija yoyamba, mmene anaijambulira. Munali dzuwa, mbalame zikulira, ndi mawu a Khumbo chapatali akufunsa amene watenga sopo. A Namakhwa anaiyang'anitsitsa, mutu atauweramitsa pafupi.

"Loyce. Ta... ona."

"Ndaona kale."

"Ayi. Taona. Pa mango... mpaka... mjigo." Anapuma. "Sindi... napume."

Mayi Namakhwa anasuzumira. Anaonera mpaka munthu wa pafoniyo anafika pa mjigo n'kugwira chitsulo.

"Zoona," anatero motsitsa mawu. "Mwezi watha mumaima kawiri. Pa chitsa paja ndi pa chulu." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, kenaka anamuyang'ana Lusizi mwaukali. "Usaganize kuti zimenezi zakupulumutsa."

"Ayi, mayi."

"Iyi... usafufute," anatero a Namakhwa. "Inayo... fufuta."

Lusizi anafufuta pomwepo iwo akuona. Kenaka ananena chimene chinatsala, kuti ina ili kale kwa a Happy, koma bambo ake anena kuti akhoza kupita mawa kukawaletsa kuionetsa.

Mayi Namakhwa anapukusa mutu. "Bolodi anthu awerenga kale. Minibasi yamwaza kale. Mukaletsa lero, adzati akulu a mpingo abisa chifukwa n'zoona. Mukaisiya, adzati taona ndi maso athu. Watitsekera mbali zonse, mwana iwe."

Kutchalitchi wina amasesa, ndipo tsache linkamveka pa simenti.

A Namakhwa anaika kampira kaja pa ntchafu.

"Nthawi... yanji?"

"Loweruka thuu koloko, bambo," anatero Lusizi.

"Udza... nditenge. Wanu... koloko."

"Mupite kuti?" anafunsa akazi awo.

"Benchi... la kutsogolo."

"Bambo a Madalo, mwapenga? Mukufuna akakugendeni anthu a ku Kande amene sakukudziwani n'komwe?"

"Andione... ndikulowa. Ndiwapatse... moni." Anameza malovu, n'kulimbana ndi lilime mpaka mawu anatuluka. "Ndine... Fanuel. Ndikanena... ndekha."

Mayi Namakhwa anawayang'ana nthawi yaitali. Zaka zonse za ukwati wawo anali atadziwa kuti munthu ameneyu akanena kawiri, wanena. Anatembenukira kwa Lusizi.

"Imirira. Unajambula utabisala kuseri kwa mtengo. Loweruka kulibe mtengo. Uyenda nawo pakati pa msika, dzanja lawo lili paphewa pako, mmene amayendera iwo, osawakoka. Anzako akakuwa, ukuwiridwa nawo. Mwala ukabwera, sudzasankha kuti uyu ndi wa a Longwe. Ine ndidzakhala mbali inayo. Ukawauze bambo ako ndi amayi ako mawu amenewa monga ndanenera, ndipo akakana usabwere, sindidzakuda. Koma iweyo ukuti bwanji?"

"Ndibwera, mayi."

"Usayankhe msanga ngati uli m'kalasi."

"Ndibwera. Wanu koloko."

Mayi Namakhwa anatola lichero lawo, koma sanayambe kusankha. Anayang'ana njira yotsikira kumsika, n'kuyang'ana mwendo wa amuna awo.

"Iwe umakadziwa kanyumba kameneko. Anthu akadzadza, kali ndi makomo angati?"

Loweruka lililonse kwa chaka chathunthu Lusizi ndi anzake ankakangana za kothawira mumzinda wa m'filimu. Za kanyumba kamene ankakhalamo anali asanaganizepo.

"Limodzi," anatero.